Achimwene mu Mtsinje Woundana

Uthenga unabwera ndi munthu amene sitinkamudziwa, atanyamula chipewa cha ubweya. Anati achimwene anga a Tsokalida, amene anapita kukagwira ntchito m'sitima za pamadzi n'kusiya kumveka, anagwera mu mng'alu pa phiri lina kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Ankasenza katundu wa anthu oyeza phirilo. Chipewa chinatsala pamwamba, iwo anapita pansi. Anzawo anaitana, anatsitsa zingwe, koma mng'aluwo unali wakuya kuposa zingwe zonse zimene anali nazo.

Kwathu munthu akafera kumene mtembo wake sungapezeke, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu nsalu ndi kuliika m'manda ngati munthu. Maliro akatha timameta, ndipo pakapita nthawi mkazi wamasiye timamusudzula kuti akhale womasuka kukwatiwanso. Adzukulu anafika ndi chikwanje. Mmisiri wa m'mudzimo, a Mkwezalamba, anafika ndi matabwa. Amayi anakaima kuseri kwa nyumba, patsogolo pa phata la nthochi.

"Ine sindinabale nthochi," anatero. "Wofuna kudula iyi ayambe wadula ine."

Adzukulu anabwerera. A Mkwezalamba anati matabwa awasunga.

Alamu anga a Nachisale anabwera kwathu chitengwa, anali akadali achitsikana, ndipo mwana analibe. Popanda maliro panalibe kumeta, popanda kumeta panalibe kusudzula. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Mudzi wonse unayamba kuona kuti a Mkwezalamba amabwera kawirikawiri kudzakonza chitseko cha alamu, chitseko chimene chinalibe vuto lililonse.

Tsiku lina alamu anandipeza ndikusula khasu.

"Alamu, tandiuzani, ine ndine ndani? Mkazi wa munthu kapena wamasiye?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Ndiye pitani mukawatenge abale anuwo. Kapena mukufuna ndidzakwatiwe mano ataguluka?"

Anaseka ponena zimenezi, koma maso sanaseke. Ndinanyamuka chimanga chitangomasula.

Ndinayenda mpaka njira inathera pa tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kunkatentha ngati m'ng'anjo. Ndinalembedwa ntchito ndi bambo wina wogulitsa ayezi, dzina lake Sefu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinagwira ayezi koyamba. Ndinamutaya pansi poganiza kuti wandiwotcha.

"Mwana wa kumtunda iwe," anatero a Sefu, "ukufuna kukafukula mbale wako m'phiri la ayezi, kachidutswa aka kakukuliza?"

Anandiphunzitsa ntchito yawo yonse. Ayezi wamkulu amakhalitsa kuposa tizidutswa tambiri. Mphepo imamudya msanga kuposa dzuwa. Umamukwirira mu utuchi wouma, ndipo pansi pa bokosi umaboola kadzenje kuti madzi azituluka, chifukwa ayezi wogona m'madzi ake omwe amatha mofulumira.

"Ayezi ndi mlendo wopupuluma kubwerera kwawo," ankatero. "Sungamuletse, ungomuchedwetsa. Ndipo usamatsegule bokosi kuti uone ngati alipo. Wotsegulatsegula ndi amene amamupha."

Nditadziwa zimenezi ndinakwera sitima yopita kumpoto. Pa doko lililonse mitengo inali yofupikirapo kuposa pa doko lapitalo, ndipo anthu ankalankhula mawu ochepa.

Ndinatsikira pa mudzi wa anthu oyanika nsomba. Kumeneko nsomba saziwamba pa moto kapena kuzithira mchere, amangozipachika pa mitengo mphepo yozizira n'kuziumitsa gwa ngati nkhuni. Ndinagwira ntchito kwa mayi wina wamasiye, dzina lake Gudiruni, amene mwamuna wake anatengedwa ndi nyanja. Tsiku lina nkhungu inatseguka ndipo anandilozera kumtunda. Ndinaona chinthu choyera chimene ndinayesa mtambo, koma sichinkayenda.

"Phiri lija ndi limenelo," anatero. "Uliyang'anitsitse, silikonda kuonekera."

Iye ndi amene anandiphunzitsa mphepo. Ya kumadzulo imachokera kunyanja, ndi yonyowa, ndipo ikagunda phiri imakwera n'kukhuthula chipale chofewa chonse mbali imeneyo. Ikamatsikira kuseri imakhala itauma, n'chifukwa chake mbali ya kum'mawa ndi miyala yokhayokha. Mphepo ya kum'mawa ndi youma ndiponso yozizira kwambiri, ndiyo yabwino pa nsomba. Nsonga ya phiri ikavala kamtambo kosalala ngati mbale yovundikira, usakwere, ngakhale kumwamba konse kukhale kwa mbee.

Zaka za kumeneko zili ndi nyengo ziwiri zenizeni. Pali nyengo ya dzuwa, pamene dzuwa limazungulira m'mphepete mwa thambo osalowa. Pali nyengo ya mdima, pamene silituluka n'komwe, kumangofiira pang'ono masana. M'nyengo ya mdima yoyamba ndinatuluka ndi nsapato zonyowa. Zala ziwiri za phazi lamanzere zinayera, kenako zinada. Gudiruni anazidula ndi mpeni wa nsomba.

"Zatsala zokwanira kukwerera phiri," anatero akutsuka mpeniwo. "Mwana wa dzuwa, kuno madzi ndi mdani. Ukanyowa, uvule."

Nditachira ndinalowera kumtunda, mpaka tauni yotsiriza, imene ili m'tsinde mwa phiri. Kupitirira apo kulibe nyumba. Ndinapeza ntchito kwa wokumba manda, bambo wamfupi wosakonda kulankhula, dzina lake Asilaki. Nthaka ya kumeneko imafewa pamwamba pokha m'nyengo ya dzuwa. Ukakumba kufika m'chigongono umagunda dothi louma ngati mwala, limene silinasungunukepo chiyambire. Tinkayatsa moto pamalopo, kukumba pang'ono, kuyatsanso, kukumbanso.

Ndinamuuza kuti kwathu wachibale sakumba manda a mbale wake, sasambitsa mtembo, saunyamula. Zonsezi amachita adzukulu, anthu a banja lina, ndipo iwo amaloledwa kuseka pamaliro, kunyoza womwalirayo ndi kumutsanzira mayendedwe, kuti olira apume.

"Kuseka pamanda?" anafunsa Asilaki.

"Kuseka ndithu."

"Kuno ukatsegula pakamwa mano amazizira," anatero, n'kupitiriza kukumba.

Ndili m'tauni imeneyo, munthu wa m'sitima anabwera ndi mawu akuti amayi anamwalira. Mawu awo omaliza anali akuti nthochi ija isadulidwe. Alamu anali akadali m'nyumba yomwe ija.

Woyeza phiri amene anali pa chingwe chimodzi ndi achimwene tsiku la ngoziyo ankakhala m'tauni yomweyo. Dzina lake linali Halivadi, wamtali, wa ndevu zofiira. Dzuwa litabwerera anavomera kundiperekeza.

Phirilo limakwera motere. Pansi pali timitengo ta makungwa oyera, topindika, tofika m'chiuno. Tikatha pamabwera udzu waufupi ndi ndere, kumene kumadya nyama zonga mbawala za nyanga zanthambi. Ndere zikatha pamabwera miyala yosweka, milu yaitali ngati mizere ya m'munda wa chimphona. Kenako ayezi. Amayambira pansi pa nsonga, m'chigwa chonga mtondo, mmene chipale chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka, chatsopano kupsinja chakale mpaka kusanduka ayezi wobiriwira. Kuchokera apo amatsika ndi chigwa cha kumadzulo, wotambalala kuposa mudzi wathu ndi minda yake yomwe. Anthu a kumeneko amamutcha mtsinje, ndipo kumapeto kwake, kumene amathera m'miyala, amati lilime. Ndinayesa ndi mayina chabe.

Tinamangana chingwe m'chiuno, tinayenda pa ayeziyo mpaka pakati. Halivadi anaima.

"Ndi pano. Mng'alu uja unatsekeka."

Panalibe chizindikiro chilichonse. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinawauza achimwene kuti ndafika, kuti amayi anatisiya, kuti alamu akudikira. Kenako ndinatuta miyala kuchokera m'mphepete n'kuunjika mulu pamalopo, monga tichitira kwathu kuti malo a munthu asaiwalike. Ndinaonetsetsa kuti muluwo wayang'anizana ndi thanthwe lakuda la pakhoma la chigwa. Ndinayesa kukumba ndi nkhwangwa. Nyengo yonse ya dzuwa ndinakumba dzenje lofika m'khosi, ndipo nyengo ya mdima inalikwirira.

Chaka chotsatira ndinakwera ndekha. Thanthwe lakuda linali pamalo pake, koma mulu wanga unali kumunsi kwake, mtunda woti munthu kuponya mwala. Ndinaganiza kuti abusa a nyama zonga mbawala zija ndiwo anausuntha. Ndinaphwasula muluwo, ndinabweza mwala uliwonse moyang'anizana ndi thanthwe, ndinagwada, ndinapepesa achimwene, ndinayambanso kukumba.

Chaka chinacho zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinabwezanso. Chaka chinanso, chimodzimodzi. Pamenepo ndinatsika n'kukamupeza Halivadi akusoka chingwe pakhomo pake.

"Bambo, kwathu wosuntha manda ndi mfiti. Ndani akusuntha malo a achimwene anga?"

Anasiya kusoka.

"Wakhala ukubweza miyala ija kumtunda?"

"Chaka chilichonse."

"Ndipo ukukumba pomwe pali thanthwe?"

"Pomwe munandionetsa."

Anaika chingwe pansi n'kunditengera kuphiri. Anandionetsa zikhomo zazitali zimene oyeza amazika mu ayezi modutsa chigwa, mzere woongoka. Mzere wa chaka chatha unali utapindika ngati uta, zikhomo zapakati zitatsogola, zam'mphepete zikutsalira. Mzere wakale kwambiri unali kutali kumunsi.

"Timati mtsinje chifukwa ndi mtsinje," anatero. "Ukuyenda. Pakati umafulumira, m'mbali umakhuzika ndi miyala. Palibe amene anakhudza mulu wako. Mulu unkatsatira mbale wako, iwe n'kumaubweza."

"Ndiye ndakhala ndikulankhula ndi yani?"

"Ndi ayezi wa kumtunda, amene anafika pamalopo pambuyo pake."

Ndinakhala pansi pa ayezipo mpaka thalauza linanyowa. Kwathu malo amakhala pamene ali. Mtengo umene agogo anabzala umapezeka pomwepo, manda amapezeka pomwepo. Sindinaganizepo kuti munthu wakufa angakhale pa ulendo.

"Akupita kuti?"

"Ku lilime. Chilichonse chimene mtsinje wameza umakalavula kumeneko."

"Adzafika liti?"

Anayang'ana zikhomo, anayang'ana mutu wanga.

"Ukadzayera mutu wonse."

Ndinaganiza za alamu ndi mano awo. Panalibe njira ina yofupikirapo. Ndinasiya kukumba, ndinasiya mulu kuti uziyenda, ndinakhala wonyamula zikhomo wa Halivadi. Nyengo ya mdima ndinkakumba manda ndi Asilaki, nyengo ya dzuwa ndinkayeza mtsinje, ndipo pobwerera ndinkayendera lilime kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Pansi pake pamatuluka madzi otuwa ngati a mpunga, ozizira moti mano amawawa. Mtsinje unkalavula zinthu zake: nyanga, makwerero othyoka, nsapato ya munthu wa kalekale imene palibe anaizindikira.

Pa zaka zimenezo tinaona chinthu china. Nyengo ya dzuwa inkatalika. Mvula inayamba kugwa pamalo pamene kale pankagwa chipale chokha, ndipo timitengo tija tinakwera kufika pamene panali ndere. Lilime linkabwerera kumtunda. Mwala umene ndinkakhalapo poyang'ana ayezi, chaka china unali pafupi moti ndinkamukhudza ndi phazi, patapita zaka unali patali moti ndinkachita kuyenda. Halivadi sankakondwa nazo. Ankati mtsinje ukudwala, ndipo tauni idzasowa madzi. Ine ndinkangoona kuti achimwene akutsika, lilime likukwera, ndipo adzakumana msanga. Sindinamuuze.

Anakumana imvi zanga zitangofika m'mbali mwa makutu. Unali m'mawa wowala, mphepo ya kum'mawa. Pakhoma la lilime, mkati mwa ayezi wobiriwira, ndinaona chidendene cha nsapato, kenako mwendo, kenako munthu yense atagona chammbali, dzanja lili pamutu ngati akufuna chipewa. Nkhope inkaoneka bwinobwino. Chipsera cha pachibwano chimene anachipeza atagwa mu mtengo wa mango chinalipo. Anali mnyamata. Ine, mng'ono wawo, ndikanatha kukhala bambo wawo.

Ndinaomba m'manja. "Achimwene, mwafika."

Sindinawakhudze. Ndinatsika kukatenga Halivadi ndi Asilaki, ndinawauza kuti ine ndine wachibale, iwo akhale adzukulu. Anabwera ndi macheka ndi chileyi. Ndinawauza kuti asawatulutse mu ayezi, adule chibuma chimodzi chachikulu, munthu ali mkati. Anagwira ntchito osalankhula.

"Simukuchita bwino," ndinatero. "Adzukulu amanyoza."

Anayang'anana. Halivadi anagwedeza mutu kuti sangathe. Asilaki anatsokomola, anaweramira chibumacho.

"Iwe Tsokalida," anatero, "waulesi iwe. Anzako phiri timatsika ndi miyendo. Iwe wagona kuti likutsitse lokha, ndipo pano ukufunanso chileyi."

Halivadi anaseka kamodzi, mokweza, kenako anakhala pa mwala n'kulira. Ine ndinapuma.

Ulendo wobwerera unadutsa m'malo omwe aja. Asilaki anasunga chibumacho m'dzenje la dothi losasungunuka lija mpaka bokosi litakhomedwa. Pa mudzi wa nsomba ndinapeza Gudiruni atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anandiletsa kukwera sitima yoyamba chifukwa nsonga ya phiri inali itavala kamtambo kaja. Ndinakwera yachiwiri, mphepo ya kum'mawa ikuomba. Pa doko lililonse mitengo inali yotalikirapo, ndipo pa kadzenje ka pansi pa bokosi panayamba kudontha madzi.

Pa tauni yotentha ija a Sefu anali atamwalira. Ntchito inali m'manja mwa mwana wawo wamkazi. Anandipatsa utuchi wouma ndi masaka, anagogoda bokosilo ndi chala n'kumvetsera.

"Alipo. Koma musatsegule, bambo. Wotsegulatsegula..."

"Ndikudziwa, mayi."

Kuchokera apo ndinakwera lole, kenako ngolo. Ndinkayenda m'mawa ndi madzulo, masana ndinkaimika pamthunzi, mbali yosaomba mphepo. Madzi ankadontha pa fumbi la njira, poyamba kamodzikamodzi, kenako mosalekeza. Bokosi linkapepuka. Dzanja langa linapita pa chivindikiro kangapo, ndipo kangapo ndinalibweza.

Ndinafika chimanga chitangomasula. Kuseri kwa nyumba ya amayi phata lija linali litasanduka nkhalango ya nthochi, yosadulidwapo. Alamu anatuluka m'nyumba yomwe ija. Anali atanenepa pang'ono, m'mphepete mwa duku munkaoneka imvi. Anandiyang'ana kumaso, kenako kuphazi lotsimphina.

"Mwachedwa, alamu."

"Achimwene amayenda pang'onopang'ono."

Anthu anasonkhana. Adzukulu, ana a adzukulu aja, anazula misomali n'kuchotsa utuchi. Ayezi anali atatsala wopyapyala ngati galasi la pawindo, ndipo nkhope inali yonse. Azimayi a m'mudzi anayamba kukweza maliro. Alamu anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, anapendeketsa mutu.

"Alamu," anatero, "ndiye kamnyamata aka ndi kamene ndakhala ndikukadikira?"

Maliro anaima. Mdzukulu wina anaphulika kuseka, ena anatsatira. Alamu analowa m'nyumba, anatuluka ndi chipewa cha ubweya chija, anapatsa mdzukulu kuti awaveke. Pamenepo ndi pamene analira, pang'ono, ngati munthu wolira mwana wa mnansi.

A Mkwezalamba anabwera ndi matabwa omwe aja. Msana unali utawerama, koma matabwa anali osafumbwa, chifukwa ankawapaka mafuta chaka ndi chaka. Sanakwatire. Tinaika achimwene tsiku lomwelo, pafupi ndi amayi, m'dothi lofewa limene khasu limalowa lokha. M'mawa mwake tinameta. Tsitsi la alamu linagwa pansi lotuwa.

Akuluakulu anati kusudzula kudikire nthawi yake monga mwa mwambo.

"Nthawi yakeyo ndinaidikira kale," anatero alamu.

Palibe anatsutsa. Wa banja lathu amene anatsala ndinali ine, ndiye mawuwo anayenera kutuluka pakamwa panga. Ndinagwada pamphasa, ndinaomba m'manja.

"Alamu, mwatisungira nyumba. Mwamasuka. Pepani kuti mtsinje uja unachedwa."

"Ana ndiye apita nawo mtsinje wanuwo," anatero. "Koma mano alipo."

Anamanga duku pamutu wometawo, anaimirira, anadutsa pakati pa anthu mpaka pamene a Mkwezalamba ankasonkhanitsa zida zawo m'thumba.

"Bambo," anatero, "chitseko chija tsopano chathyokadi."

A Mkwezalamba anatulutsanso nyundo m'thumbamo, n'kuwatsatira.